Nyimbo Imodzi, Zimbale Ziwiri: Zimene Omvera Amatsutsana pa Glenn Gould

Mawu oyamba

Anthu okonda nyimbo zamakedzana za ku Ulaya, zija zimatchedwa classical, ali ndi chizolowezi chimene chimadabwitsa mlendo. Akamauzana zimene akumvera masiku amenewo, satchula dzina la nyimbo lokha ayi. Amatchulanso amene wayimba ndi chaka chimene chimbale chake chinajambulidwa. Munthu mmodzi atha kusunga zimbale zisanu za nyimbo imodzimodzi, n'kumalimbikira kuti zonsezo n'zosiyana. Apa mpomwe pali funso. Nyimbo zimenezi zinalembedwa kale papepala, ndipo woyimba sayenera kupeka zakezake. Nanga kusiyanako kumachokera kuti? Cholinga cha nkhani ino ndi kuyankha funso limeneli potengera chitsanzo chimodzi chodziwika bwino, chomwe ndi nyimbo ya Johann Sebastian Bach yotchedwa Goldberg Variations. Woyimba piyano wa ku Canada, Glenn Gould, anaijambula mu situdiyo kawiri, mu 1955 ndi mu 1981, ndipo mpaka lero omvera sagwirizana kuti chimbale chabwino koposa ndi chiti.

Nyimboyo ndi mamangidwe ake

Bach, yemwe anali wa ku Germany, anasindikiza nyimboyi mu 1741. Imayamba ndi kanyimbo kodekha kotchedwa Aria. Kenaka pamatsatira zigawo 30, ndipo pamapeto Aria uja amabweranso monga analili. Zigawo 30 zija sizitsanzira mawu apamwamba a Aria, amene khutu limafulumira kuwagwira. Zimatsatira mawu apansi, a besi, amene ali ngati maziko a nyumba. Pa maziko amodzimodziwo Bach anamangapo nyumba 30 zosiyana: zina zovinika, zina zothamanga, zina zachisoni.

Pali dongosolo lina limene womvera ayenera kulidziwa. Chigawo chachitatu chilichonse, kuyambira cha nambala 3 mpaka cha nambala 27, chili ndi mawu awiri olondolana. Mawu oyamba akayamba, achiwiri amalowa pambuyo pake n'kumabwereza zomwezo, monga mmene oyimba awiri amachitira wina akamatsata mnzake m'mbuyo. Zigawo zitatu zokha, za nambala 15, 21 ndi 25, ndizo zili m'mayimbidwe achisoni. Komanso chigawo chilichonse chili ndi mbali ziwiri, ndipo Bach anaika chizindikiro chosonyeza kuti mbali iliyonse ibwerezedwe.

Dzina la Goldberg linachokera m'buku la mbiri ya Bach limene Johann Nikolaus Forkel anatulutsa mu 1802. Forkel analemba kuti nduna ina yotchedwa Keyserlingk inkavutika ndi kusowa tulo, ndipo mnyamata wake, Johann Gottlieb Goldberg, ankayiyimbira nyimboyi usiku. Akatswiri ambiri amakayikira nkhaniyi, chifukwa mu 1741 Goldberg anali ndi zaka 14 zokha, komanso pa chikuto cha nyimboyo Bach sanatchulepo ndunayo. Ngakhale zili choncho, dzinalo linakhazikika.

Zimene pepala silinena

Pepala la nyimbo limauza woyimba manotsi oti alize ndi kutalika kwa noti iliyonse poyerekeza ndi inzake. Koma pali zambiri zimene Bach sanalembe. Choyamba ndi liwiro. Kachipangizo koyezera liwiro la nyimbo, kotchedwa metronome, kanabwera cha m'ma 1815, pamene Bach anamwalira mu 1750. Pa zigawo zambiri iye sanalembepo ngakhale liwu limodzi lonena kuti ziyimbidwe mofulumira kapena pang'onopang'ono. Buku lakelake la nyimboyi linapezeka ku Strasbourg mu 1974, ndipo mmenemo anawonjezeramo ndi dzanja mawu ochepa, monga osonyeza kuti chigawo cha 25 chiyimbidwe modekha. Komabe kudekha kwa wina sikufanana ndi kudekha kwa mnzake.

Chachiwiri ndi chida choyimbira. Bach analemba nyimboyi kuti iyimbidwe pa harpsichord ya mizere iwiri ya makiyi. Chida chimenechi chimakodola nsambo zake, motero mawu ake sakwera kapena kutsika kwenikweni ngakhale woyimba adinye mwamphamvu. Piyano imamenya nsambo ndi tinyundo, choncho woyimba atha kukweza mawu ena n'kutsitsa ena. Woyimba pa piyano ayenera kusankha yekha mawu oti amveke pamwamba pa anzake. Ayeneranso kupeza njira yoti manja ake asagundane, popeza zimene zinalembedwera mizere iwiri iye akuziyimba pa mzere umodzi. Wanda Landowska, yemwe anajambula nyimbo yonseyi mu 1933, anagwiritsa ntchito harpsichord. Gould anasankha piyano.

Chachitatu ndi kubwereza kuja. Woyimba akatsata zizindikiro zonse, nyimboyi imapitirira ola limodzi ndi mphindi 10. Akazisiya zonse, imatha isanakwane mphindi 45. Tsono tisanafike n'komwe pa luso la zala, zimbale ziwiri zitha kusiyana ndi theka la ola.

Chimbale cha 1955

Gould anabadwira ku Toronto mu 1932. Mu Juni 1955, ali ndi zaka 22, analowa mu situdiyo ya kampani ya Columbia pa 30th Street ku New York, nyumba imene kale inali tchalitchi. Ichi chinali chimbale chake choyamba ndi kampaniyo, ndipo akuluakulu ena sanakondwe ndi nyimbo imene anasankha, poti panthawiyo inkaonedwa ngati ya akatswiri a harpsichord, yosakoka ogula. Iye anaumirira. Aria yekha anamujambula maulendo 21 asanakhutire.

Chimbalecho chinatuluka mu Januwale 1956, ndipo chinamutchukitsa nthawi yomweyo. Ndi cha mphindi pafupifupi 38 ndi theka, chifukwa sanabwereze mbali ina iliyonse, komanso zigawo zambiri anaziyimba mothamanga kwambiri. Aria satha n'komwe mphindi ziwiri. Chimene chinazizwitsa omvera n'chakuti pa liwiro lonselo noti iliyonse inkamveka payokha, ngati mikanda pa ulusi, ndipo mawu awiri kapena atatu oyenda pamodzi sankasokonezana. Anthu amene ankaganiza kuti nyimbo za Bach n'zouma, zoyenera m'kalasi basi, anamva mnyamata akuziyimba ngati akusewera.

Chimbale cha 1981

Pakati pa zimbale ziwirizi panachitika chinthu chachikulu. Mu Epulo 1964, ku Los Angeles, Gould anayimba pamaso pa anthu komaliza. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali ya mu situdiyo, pa wailesi ndi pa kanema. M'nkhani imene analemba mu 1966 m'magazini ya High Fidelity, anafotokoza kuti kujambula si kungosunga zimene zachitika pa nsanja, koma ndi luso lapalokha. Sankabisa kuti amajambula chigawo maulendo angapo, n'kudula matepi ndi kulumikiza zidutswa zimene zamukomera.

Mu 1981 anabwerera mu situdiyo yomwe ija ya ku New York, imene inali pafupi kutsekedwa, n'kujambulanso nyimbo yomweyo. Ulendo uno anagwiritsa ntchito piyano ya Yamaha m'malo mwa Steinway ya mu 1955. Chimbale chatsopanocho ndi cha mphindi pafupifupi 51. Aria amapitirira mphindi zitatu, ndipo amamveka ngati munthu amene akuyenda akusinkhasinkha. Zigawo zina, makamaka za mawu olondolana zija, anabwereza mbali yake yoyamba. Pocheza ndi mtolankhani Tim Page mu 1982, Gould anafotokoza kuti chimbale choyamba chinkamveka ngati tinyimbo 30 todziyimira patokha. Iye ankafuna kuti pakhale kugunda kumodzi koyenda m'nyimbo yonse, kotero kuti liwiro la chigawo chilichonse lichokere pa liwiro la chinzake chimene changotha.

Pano m'pofunika kusamala. Ambiri amangonena kuti chimbale cha 1955 n'chothamanga ndipo cha 1981 n'chodekha, koma si paliponse. Chigawo cha 25, chomwe n'chachisoni koposa zonse, n'chachitali pa chimbale choyamba kusiyana ndi pa chachiwiri. Mnyamata uja anachikokera ndi kuchinyengerera, pamene bambo wa zaka 48 anachiyendetsa mosazengereza. Komanso zigawo zina za mu 1981 zimathamanga ngati zakale zomwe.

Chimbalechi chinatuluka mu Seputembala 1982. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho Gould anamwalira ndi matenda a sitiroko, patangopita masiku ochepa atakwanitsa zaka 50. Mu 1983 chimbalecho chinalandira mphoto ya Grammy.

Kumene mkangano wagona

Okonda chimbale cha 1955 amati chili ndi moyo ndi chimwemwe, ndipo cha 1981 chinaganiziridwa mopitirira muyeso, kotero kuti pena woyimba amagogomeza manotsi ngati mphunzitsi amene akuloza pa bolodi. Okonda cha 1981 amati ndicho chimaonetsa nyimboyi ngati chinthu chimodzi chathunthu, pamene choyamba chija chimangothamanga kuti anthu agome ndi zala za woyimba. Palinso gulu lachitatu, limene limati pa zimbale zonse ziwiri munthu amamva Gould kwambiri kuposa Bach. Amenewa amaloza kwa oyimba ena, monga András Schiff, Murray Perahia, Angela Hewitt, kapena Víkingur Ólafsson wa ku Iceland amene chimbale chake chinatuluka mu 2023. Ena amangoti tibwerere ku harpsichord.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalowerera maganizo a omvera iwo osazindikira. Choyamba ndi imfa ya Gould. Popeza anamwalira chimbale chachiwiri chitangotuluka, ambiri amamva Aria womaliza ngati mawu otsanzika. Koma pojambula mu 1981 iye sankadziwa tsiku la imfa yake, ndipo anali ndi ntchito zina zimene ankakonzekera, monga yotsogolera gulu la oyimba. Chisoni chimene womvera akumva mwina n'chochokera m'mbiri imene wawerenga, osati m'piyano. Chachiwiri ndi chizolowezi cha khutu. Chimbale chimene munthu anayamba kumva chimakhazikika m'mutu mwake ngati ndicho nyimboyo, ndipo china chilichonse chimamveka chothamanga kapena chochedwa poyerekeza ndi icho. Amene analowa m'nyimboyi kudzera pa Gould amadabwa akamva ikutenga mphindi 75, chonsecho amene wabwereza mbali zonse ndi amene watsata zimene Bach analemba.

Nawonso makina ojambulira ali ndi mbali yake. Chimbale cha 1955 mawu ake amatulukira njira imodzi, pamene cha 1981 chili mu stereo ndipo chinajambulidwa ndi makina a digito amene anali atsopano panthawiyo. Omvera ena ankadandaula kuti mawu ake ndi ouma. Mu 2002 kampani ya Sony inatulutsa zimbale ziwirizi pamodzi, ndipo cha 1981 inachitenga pa matepi wamba amene ankajambulanso pambali tsiku lomwelo. Zala n'zomwezo, piyano n'njomweyo, koma ambiri anamva kusintha. Pa zimbale zonse ziwiri pamamvekanso Gould akung'ung'udza nyimbo chapansipansi pamene akuyimba. Ena zimawanyansa, ena amati n'zimene zimawakumbutsa kuti kuseri kwa makinawo kuli munthu.

Mawu omaliza

Taona kuti pepala la Bach limasiya zambiri m'manja mwa woyimba: liwiro, kubwereza, chida ndi mawu oti amveke pamwamba. Taonanso kuti makina ndi mbiri ya woyimba zimawonjezerapo zake. Choncho chimbale si nyimbo yeniyeniyo. Ndi mmene munthu mmodzi anaimvera nyimboyo pa nthawi ina ya moyo wake. Umboni wake ngwakuti Gould yemweyo, patapita zaka 26, anatsutsana ndi Gould mnzake.

Izi sizikutanthauza kuti maganizo onse ngofanana kulemera. Munthu wonena kuti chimbale chakuti n'chabwino chifukwa choti aliyense amatero sanathandize mnzake. Wothandiza ndi amene atha kunena kuti pa chigawo chakuti anamva chakuti, kuti mnzakeyo akamvere yekha n'kuvomera kapena kukana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna kuyesa atenge Aria ndi chigawo cha 25, amvere cha 1955 kenaka cha 1981, abwereze kawiri kapena katatu, uku akulondola dzanja lamanzere limene lanyamula besi. Zonsezi sizingamutengere ola limodzi, ndipo akadzafunsidwa chimene wasankha adzakhala ndi chifukwa chochokera m'khutu lake.