Kuika Kilachi ya Mafuta pa Njinga Yamoto Yakale

Munthu aliyense amene anayendapo ulendo wautali pa njinga yamoto yakale amadziwa m'mene dzanja lamanzere limatopera. Pofuna kusintha giya kapena kuima pamphambano, woyendetsa amafinya chogwirira cha kilachi, ndipo chogwiriracho chikakhala cholimba zala zimachita dzanzi dzuwa lisanapendeke. N'chifukwa chake eni njinga ena amachotsa waya wa kilachi ndi kuikapo paipi ya mafuta, monga m'mene mabuleki a galimoto amagwirira ntchito. Nkhani ya lero ikufotokoza m'mene ntchito imeneyi imachitikira ndiponso zimene mwini njinga ayenera kulingalira asanatulutse ndalama zake.

Kilachi ndi mbale zingapo zopyapyala zimene masipuling'i amazipanikiza pamodzi kuti mphamvu ya injini ifike ku magiya. Munthu akafinya chogwirira, waya amakoka kachitsulo kamene kamalekanitsa mbalezo pang'ono, pafupifupi mamilimita 2 okha. Njinga zambiri zakale, monga Honda CG125 imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1975, zinatuluka ndi kilachi yotere. Vuto la waya ndi lakuti amakhulana ndi chimake, makamaka pamene wakhota. Fumbi ndi dzimbiri zikalowamo amalimba, kenaka amatamuka, ndipo tsiku lina amaduka munthu ali pakati pa ulendo.

Kilachi ya mafuta imatsata nzeru imene anaifotokoza Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600, yakuti madzi otsekeredwa akapanikizidwa mbali imodzi amakankha mofanana mbali zonse. Motero pachiwongolero amaikapo silinda yaing'ono yokhala ndi pisitoni ndi kankhokwe ka mafuta, ndipo pa injini amaikapo silinda yachiwiri. Paipi ndiyo imalumikiza ziwirizi. Mafuta sakhulana ndi paipi ngakhale itakhota motani, ndipo mbale zikamatha silinda imadzikonza yokha, popanda munthu kupotokola naiti.

Komabe mafuta sapanga mphamvu mwa iwo okha. Ngati pisitoni yapamwamba ili ya mamilimita 12 m'mimba mwake ndipo yam'munsi ili ya mamilimita 24, nkhope ya yam'munsiyo imaposa inzake kanayi. Mphamvu imachuluka kanayi, koma mtunda umene pisitoni yam'munsi imayenda umachepanso kanayi. Apa ndi pamene ambiri amalakwira. Akasankha silinda yam'munsi yaikulu kwambiri, chogwirira chimafewa ndithu, koma mbale sizilekana mokwanira. Magiya amavuta kulowa, ndipo njinga imakwawa kupita kutsogolo pamphambano ngakhale munthu wafinya chogwirira mpaka kumapeto. Chotero makaniko wodziwa ntchito amayamba wayeza mtunda umene waya amakoka kachitsulo kaja asanagule chipangizo chilichonse.

Kamangidwe kamatengera mtundu wa injini. Pa njinga zimene kilachi yake imakankhidwa ndi kandodo kachitsulo kodutsa m'kati mwa bokosi la magiya, silinda yam'munsi imalowa m'malo mwa chokankhira chakale. Pa njinga zimene zili ndi kamkono kunja kwa injini, amaikapo silinda yokoka pamalo pomwe waya amathera. Paipi iyenera kudutsa kutali ndi ekizozi ndi tcheni, ndipo isakokeke chiwongolero chikatembenuzidwa mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Njinga za mtundu wa Honda Super Cub zilibe chogwirira cha kilachi, choncho nkhani ino siikuzikhudza.

Mafuta ake alipo a mitundu iwiri, ndipo sasakanizidwa. Zipangizo zambiri zimafuna mafuta a buleki a DOT 4, amene amayamwa chinyezi ndipo amafunika kusintha zaka ziwiri zilizonse. Akadonthera pathanki amasupula penti. Zipangizo zina, monga Hymec ya kampani ya Magura ya ku Germany, zimafuna mafuta otchedwa mineral oil. Munthu akathira mafuta olakwika, timalabala tam'kati timatupa ndi kuwonongeka. Mtundu woyenera umalembedwa pachivundikiro cha kankhokwe kaja.

Ntchito yotsiriza ndi kutulutsa mpweya, pakuti mpweya umafinyika pamene mafuta safinyika. Makaniko amafinya chogwirira, natsegula kansonga kapasilinda yam'munsi, natsekanso asanasiye chogwiriracho, kubwereza mpaka thovu litatha. Ayeneranso kuonetsetsa kuti pisitoni yapamwamba ikubwerera kwathunthu. Ikapanda kutero imatseka kabowo kobwezera mafuta m'nkhokwe, ndipo injini ikatentha kilachi imayamba kuterera ndi kupsereza mbale.

Pomaliza, mwini njinga alingalire za kumene amayenda. Kawirikawiri kilachi imalimba chifukwa cha waya wouma kapena wodutsitsidwa molakwika, ndipo waya watsopano wothiridwa mafuta amathetsa vutolo pamtengo wochepa. Waya akaduka kumudzi, wina amapezeka pamsika wapafupi. Paipi ikaphulika, njinga imadikira chipangizo chochokera m'tauni. Kusinthaku kumapindulira amene amayenda m'misewu yodzaza magalimoto tsiku lonse, ndi amene dzanja lawo linafooka chifukwa cha ukalamba kapena kuvulala. Ena onse ayambe ayesa waya watsopano.