Kutsindika ndi Kulinganiza Mau pa Tsamba

Mphunzitsi ali yense amalemba pa bolodi, amapacika mapepala a phunziro pakhoma, ndipo ena amakonzanso masamba pa kompyuta. Pa nchito zonsezi pali malamulo awiri oyenera kuwadziwa, pakuti tsamba losalongosoka litopetsa maso, ndipo mwana aphonya cimene tifuna kuti acigwire.

Loyamba ndilo kutsindika. Polankhula timakweza mau tikafika pa cinthu cacikuru. Koma pepala liribe pakamwa, cotero tikweza mau ace mwa njira zina. Tikhoza kukulitsa zilembo, kuzinenepetsa, kusintha mtundu wa inki, kapena kusiya malo oyera mozungulira mauwo. Ziripo zilembo zopendekeka, zimene Aldus Manutius anayamba kusindikiza nazo mabuku ku Venice m'caka ca 1501. Iye anazigwiritsa nchito pa buku lonse, ndipo pambuyo pace osindikiza ena anazisandutsa cida cotsindikira. Koma ticenjere: mapanga awiri abvumbwitsa. Tikatsindika mau khumi pa tsamba limodzi, diso lisowa poyambira. Tisankhe cinthu cimodzi cikhale mfumu, zinazo zikhale nduna ndi anthu wamba.

Laciwiri ndilo kulinganiza mizere. Mmisiri womanga nyumba amakoka cingwe kuti njerwa ziwongoke. Momwemonso mau afunika m'mphepete mowongoka. Popeza ife timawerenga kucokera kumanzere, diso likatha mzere libwerera komweko kukafuna wotsatira. Cifukwa cace kuika mizere pakati kukomera mutu wa nkhani kapena kalata yoitanira anthu ku ukwati, osati ndime yaitali.

Ena amakonda mizere yolingana mbali zonse ziwiri, monga m'Baibulo la Johannes Gutenberg losindikizidwa ku Mainz ca m'ma 1455, la mizere 42 m'danga liri lonse. Iye anaumba zilembo zina zonenepa, zina zoonda, nafupikitsa mau kuti mizere ithere pamodzi. Kompyuta kawirikawiri imangotambasula mipata. M'cilankhulo cathu ici ndi bvuto ndithu, pakuti liu ngati "akadzatithandizanso" likalumphira ku mzere wina lisiya mipata yonga mano ogweruka. Pa danga lopapatiza nkwabwino kuwongola kumanzere kokha.

Tsono mukatha kukonza tsamba, lipacikeni, mupite kumbuyo kwa kalasi, mutsinzine pang'ono. Cimene ciyamba kuoneka ndico ana adzakumbukira. Ngati si mutu wa phunziro lanu, konzaninso.