Kakiyi kamene kamakana kutsegulira akuba a pa intaneti

Pa 20 Julayi 2022, antchito osachepera 76 a kampani ya Cloudflare ku America analandira uthenga wa SMS wowauza kuti alowe pa tsamba la intaneti la kuntchito kwawo. Tsambalo linali labodza, akuba analipanga kuti lifanane ndi lenileni. Antchito atatu anapusitsidwa, nalemba dzina lawo ndi mawu achinsinsi, aja ambiri amati senha. Koma akubawo sanathe kulowa. Kampani ya Twilio, imene inatcheredwa msampha womwewo, inaberedwa zinsinsi za makasitomala ena.

Chimene chinapulumutsa Cloudflare ndi kachipangizo kooneka ngati flash, kotchedwa kiyi wachitetezo. Wantchito aliyense anali ndi kake, ndipo popanda kukalowetsa pa kompyuta ndi kukakhudza ndi chala, tsamba la kampani silitseguka, ngakhale senha ikhale yolondola.

Tsiku loyamba kulembetsa, kakiyiko kamapanga manambala awiri ogwirizana. Imodzi imasungidwa ndi eni tsamba, inayo imatsala m'kati mwa kakiyi ndipo situlukamo. Munthu akafuna kulowa, tsamba limatumiza funso, kakiyi n'kuyankha ndi nambala yobisika ija. Koma kasanayankhe, kamayamba kaona adiresi ya tsamba limene likufunsalo. Ikasiyana ndi yolembetsedwa, ngakhale pa chilembo chimodzi, kamangokhala chete. Maso a munthu wotopa amanyengeka mosavuta, kakiyi ayi.

Apa ndi pamene kamaposera nambala yobwera pa SMS. Nambala ija munthu amaiwerenga, choncho angathe kuiuza wakuba, monga amachitira ena akaimbiridwa foni ndi anthu onamizira kuti ndi a M-Pesa kapena e-Mola. Yankho la kakiyi mwini wake saliona n'komwe, ndiye palibe choti aulule.

Kampani ya Google inalamula antchito ake oposa 85,000 kugwiritsa ntchito makiyiwa mu 2017, ndipo mu 2018 inanena kuti palibe akaunti yakuntchito imene inabedwa mwa chinyengo chotere chiyambireni.

Vuto ndi ndalama. Kakiyi kotsika mtengo ka kampani ya Yubico kamaposa madola 20, ndipo mmodzi amafunika awiri, chifukwa kakatayika m'chapa mwini wake amatsekeredwa kunja ngati wakuba. Ofesi yosamala imasunga kachiwiri m'kabati yokiya, ndipo imafafaniza kotayikako tsiku lomwelo.