Holi: Tsiku loti malaya oyera sabwerera oyera

Inu ogulitsa kaunjika pamsika wa Kasungu mukudziwa kuti shati yoyera ikangokhala ndi kadontho, kasitomala amayamba kunenerera. Ndiye tamvani izi: Ahindu ali ndi tsiku loti munthu amavala zoyera mbee n'cholinga choti anzake azithimbirize.

Chikondwererochi ndi Holi. Chimabwera mwezi ukakhala wathunthu, kawirikawiri mu Malichi, pomwe kuno fodya ali m'zigafa ndipo matenanti akuwerengera masiku oti okushoni itsegulidwe. Mu 2024 chidagwa pa 25 Malichi, mu 2025 pa 14. Ku India imakhala kuti dzinja lozizira latha ndipo tirigu wacha.

Usiku woyamba amasonkha chimoto pokumbukira Prahlada, mwana wa mfumu yomwe inkafuna kupembedzedwa ngati mulungu. Mwanayo adakana. Azakhali ake, Holika, adamufungatira pamoto poganiza kuti iwo sangapse, koma adapsa ndi iwowo. Ku Gujarat, komwe kudachokera makolo a Ahindu ambiri a m'dziko muno, pamotopo amaponyapo kokonati ndi mbuliwuli.

Kukacha ndiye kumakhala gule. Abambo amavala kurta, malaya aatali ofika m'mawondo. Amayi ena amavala sari, nsalu imodzi yoposa mamita 5 yongokulunga osasoka. Ena salwar kameez, mkanjo ndi buluku lake. Ochenjera amasankha zakutha za thonje, poti ufa wa gulal, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, suchoka bwinobwino ngakhale muchape ndi sopo wamtanda. Zoyerazo n'zoti mitundu iwale. Ndipo tsikuli bwana ndi wantchito amapakana kumaso popanda wina kukwiya. Tangoganizani tenanti akupaka mwini esiteti!

Nanga bwanji ku Kasungu ambiri sitidazionepo? Choyamba, si mmwenye aliyense ali Mhindu. Ambiri ndi Asilamu. Chachiwiri ndi ndale. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda, mwana wa kuno konkuno, lidalamula amwenye kuti atseke masitolo m'madera akumidzi, ndipo pofika 1978 adali atasonkhanitsidwa m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Adapita ndi masikelo awo, mipukutu ya nsalu, ndi miyambo yomwe. N'chifukwa chake wofuna kuona Holi amayenera kukwera basi, ndipo asavale suti ya kutchalitchi.