Wodwala Maganizo Amachira Pakati pa Anzake

Anthu a mu mzinda wa Tete anaona mavuto ambiri. Nkhondo inatha mu 1992, koma inasiya ana amasiye ndi mabwinja. Mu Januwale 2022 mphepo yamkuntho ya Ana inabweretsa mvula yambiri. Mtsinje wa Revubue unasefukira, nugumula mlatho ndi nyumba za anthu. Zinthu zotere zimavulaza thupi. Zimavulazanso maganizo.

Kodi matenda a maganizo ndi otani?

Ndi matenda monga malungo kapena chifuwa chachikulu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali ndi vuto la maganizo. Si onse amene amayenda m'misewu atavala nsanza. Ambiri ali m'nyumba zathu zomwe.

Munthu amasowa tulo. Chakudya sachifuna. Amaleka kupita kumunda, nangobindikira m'nyumba. Wina amamva mawu amene anzake sakuwamva. Wina amanena kuti kuli bwino angofa. Munthu wonena zotere musamusiye yekha. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Choyamba ndi chipatala

Zipatala zazikulu za matendawa zili kutali, ku Infulene mu Maputo ndi ku Nampula. Chifukwa cha ichi, m'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kuphunzitsa anthu apadera oti aziona odwala maganizo m'zipatala za m'maboma. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Ngati n'kofunika, adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Tete. Mankhwala ena amatha masabata angapo asanayambe kugwira ntchito. Wodwala asawaleke popanda kufunsa achipatala.

Chachiwiri ndi anthu

Mankhwala okha sakwanira. Wodwala akabwerera kwawo napeza anthu akumuseka ndi kumuthawa, matenda amakula. Akapeza anzake omulandira, amalimba mtima.

Anthu a ku Tete amadziwa kale mphamvu ya gulu. Mu 2008 anthu akumwa mankhwala a HIV m'chigawo chino anayamba timagulu ta anthu osapitirira 6, mothandizidwa ndi achipatala ndi bungwe la Médecins Sans Frontières. Mwezi uliwonse mmodzi ankapita kukatengera anzake mankhwala. Ankayenderana ndi kukumbutsana. Pambuyo pake boma linafalitsa nzeruyi m'zigawo zina. Timaguluti sitinali ta matenda a maganizo, koma tinationetsa kuti wodwala angathe kukhala wothandiza anzake.

Ku Zimbabwe, dziko loyandikana nafe, anayesa nzeru yofanana nayo pa matenda a maganizo enieniwo. Mu 2006 dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mu mzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera. Munthu wovutika maganizo amakhala ndi agogowo pa benchi kunja kwa chipatala, nafotokoza mavuto ake. Kenaka amalowa m'gulu la anzake, kumene amacheza uku akuluka zikwama. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti patatha miyezi 6, anthu amene anakhala pa benchi anapeza bwino kuposa amene sanakhalepo.

Chachitatu ndi ntchito

Matenda a maganizo amanamiza munthu kuti ndi wachabechabe. Ntchito yothandiza ena imachotsa bodza limeneli. Munthu amakhala ndi chifukwa chodzukira m'mawa. Amakumana ndi anthu. Thupi limatopa, ndipo usiku tulo timabwera. Akamva mawu akuti “zikomo”, ulemu wake umabwerera.

Ntchitoyo ikhale yopepuka poyamba. Akhoza kutungira madzi nkhalamba, kuthirira dimba la gulu, kusesa pasukulu, kapena kuperekeza mnzake kuchipatala. Popeza ku Tete kumatentha kwambiri, azigwira m'mawa dzuwa lisanakwere. Akalimba, akhoza kufunsa za ntchito yongodzipereka ku mpingo, ku mzikiti kapena ku bungwe la Cruz Vermelha.

Musamukakamize. Tsiku limene walephera, musamudzudzule. Mawa mukamutengenso. Musamupatse mowa kapena chamba, pakuti izi zimadzutsa matenda. Musamumange ndi chingwe, ndipo musamutche wamisala. Muitaneni ndi dzina lake.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Ngati m'dera lanu muli munthu amene wasiya kutuluka m'nyumba, kamuchezereni sabata ino.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zizindikiro zitatu za matenda a maganizo.
2. Kodi muyenera kuchita chiyani munthu akanena kuti afuna kufa?
3. Ndi ntchito iti ya m'dera lanu imene munthu wongochira kumene angathandizeko?