Kalata ya mfumu ilipo, pulani palibe

Epulo akafika, eni magolosale m'dera la Mfumu Yaikulu Nchema ku Chiradzulu amayang'ana mbali ziwiri: kumunda komwe chimanga chikuuma, ndi kumsewu komwe kumatulukira anthu a mabuku a malisiti ochokera ku khonsolo. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, osati mu Julaye ngati kale, ndiye nkhani ya malaisensi imawapeza alimi asanagulitse kanthu, ngongole za m'kabuku ka golosale zisanabwezedwe. Zimenezo amang'ung'udza nazo koma anazolowera. Chomwe chautsa mapokoso pa timisika ta kuno ndi funso lina lachilendo: nyumba mukuchitiramo malondayi, pulani yake anavomereza ndani?

Funsoli linamupeza mayi wina yemwe ali ndi tiyirumu ndi golosale m'mbali mwa msewu wafumbi, pomwe anyamata a kabaza amadikirira okwera. Nyumba yake ndi ya njerwa zootcha, ya makomo atatu, khonde lake lalitali lozira simenti. Khomo loyamba ndi la tiyi. Muli mabenchi awiri, tebulo loyala pulasitiki wa maluwa, ndi kabokosi kagalasi ka masikono ndi mandasi. Ketulo yaikulu yakuda ndi mwaye imakhala pa mbaula kuseri kuyambira tambala woyamba, chifukwa opita ndi tomato ndi kabichi ku msika wa Mbulumbuzi amafuna kumwa kanthu kotentha kusanayere. Khomo lachiwiri ndi golosale: sopo wodula, mchere, machesi, shuga womanga m'timapepala, mafuta ophikira oyeza ndi kachubu. Khomo lachitatu ndi bowo chabe. Felemu inalowa, chitseko ayi. Zenera analitseka ndi njerwa zongosanja, ndipo mulu wa mchenga womwe unali wa pulasitala wamera udzu, nkhuku zikufukulamo.

Mayiyu anayamba ndi beseni la mandasi pamutu. Mpamba wa golosale unachokera ku banki m'khonde, njerwa anaumba ndi ana ake chilimwe china, malata anagula ndi ndalama zomwe achimwene ake anatumiza kuchokera ku Johannesburg. Malowo ndi a kuchikazi, monga zimakhalira m'midzi yambiri ya Chiradzulu komwe mwamuna amadzakhala mkamwini. Atsibweni ake, omwe ndi mwini mbumba, ndiwo analoza malire, a nyakwawa n'kulemba kalata n'kudindapo chidindo.

Mapepala ake amasunga m'chitini cha mabisiketi, atawakulunga m'jumbo ya shuga kuopa chinyezi. Anawayala pa tebulo la tiyi limodzilimodzi, akuwongola makwinya ndi chikhatho. Kalata ya a nyakwawa ija, inki itayamba kufufutika. Malaisensi a zaka zapitazo. Malisiti a khonsolo omangidwa ndi mphira. Chiphaso chosonyeza kuti anakayezedwa kuchipatala ngati munthu wogulitsa zakudya. Akuti a zaumoyo atabwera koyamba anamuuza akumbe chimbudzi cha makasitomala, dzenje la zinyalala, aike ndi posamba m'manja. Zonse anachita sabata isanathe, ndipo mpondagiya wake ulipo mpaka lero, sopo atamumangirira ku chingwe kuti asayende.

Koma atayamba kukweza chipinda chachitatu, chomwe ankafuna kubwereketsa kwa mnyamata wometa, anauzidwa kuti aime kaye mpaka apititse pulani ku khonsolo. Anauzidwanso kuti zipinda ziwiri zoyambazo nazo zinayenera kudzera njira yomweyo.

Apa ndi pomwe mayiyu amakweza mawu. Akuti ngati nyumbayo ndi yosavomerezeka, nanga ndalama za laisensi ankalandira zaka zonsezi zinali za malonda ochitikira kuti, pamtengo? Iye akuti zili ngati munthu wobwera m'mawa uliwonse kudzakama ng'ombe, tsiku lina n'kudzanena kuti ng'ombeyo saidziwa. Amalonda anzake pa kamsikako ali mbali yake, ndipo mfundo yawo ndi imodzi: malo anapereka ndi mfumu, chidindo chilipo, boma likufunanso chiyani?

Malamulo akuyankha mwina, ndipo mapepala omwe anthu amawaona ngati chinthu chimodzi ali ndi makolo osiyana. Laisensi ya bizinesi imachokera ku lamulo la mu 2012, ndipo imaloleza munthu kuchita malonda. Mphamvu za khonsolo zotolera ndalama za misika ndi malaisensi zili m'lamulo la maboma aang'ono la mu 1998. Za kamangidwe ndi nkhani ina. Lamulo lakale la mu 1988 linkagwira ntchito m'madera okhawo omwe boma lawatchula, makamaka mizinda ndi matauni, kotero wa kumudzi ankamanga osafunsa wina kupatula mfumu. Lamulo la mu 2016, lomwe linalowa m'malo mwake, linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani. Kuyambira pamenepo Nchema ndi Limbe, papepala, zili m'thumba limodzi. Wolemba lisiti ya laisensi ndi woona za mapulani ndi maofesi awiri, ngakhale onse amatchedwa a khonsolo, ndipo lisiti ya uyu siimira chilolezo cha uyo.

Kalata ya mfumu nayo inasintha kulemera. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linabweretsa makomiti a za malo pa gulupu aliyense, a gulupu ali wapampando pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu mwa iwo amayi. Kalata ya a nyakwawa imachitira umboni kuti malowo ndi ako ndipo abale sakukangana nawe. Sinena kuti khoma lako lipirira mvula, kapena kuti khonde silinalowe mumsewu. M'misewu ikuluikulu ngati wa Blantyre–Zomba, malo a msewu ndi mamita 60, kutanthauza 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, ndipo womanga m'katimo amadziika yekha pa mzere wogumulidwa ngakhale atakhala ndi zidindo khumi.

Oikira kumbuyo mapulani ali ndi mfundo yovuta kuikana. Chiradzulu ndi boma laling'ono, losakwana masikweya kilomita 800, koma kalembera wa mu 2018 anapezamo anthu oposa 350,000. Malo ndi opanikizana. Kamsika kakayamba popanda dongosolo, chigayo chimatsamirana ndi tiyirumu, chimbudzi chimakumbidwa pafupi ndi mjigo, ndipo galimoto imasowa polowera. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba zambiri m'bomali, ndipo aliyense kuno akukumbukira makoma omwe anasungunuka chifukwa maziko anali osaya kapena anamangidwa m'njira ya madzi. Mayi wa tiyirumu uja sakutsutsa zimenezo. Iye yemwe khoma la khitchini yake linagwa chaka chimenecho.

Chomwe akutsutsa ndi mtunda wa pakati pa lamulolo ndi khomo lake. Mmisiri yemwe anamanga nyumbayo pulani yake ndi chingwe, zikhomo ndi phazi. Amajambula pansi, mwini nyumba n'kuvomereza ndi mutu. Pulani yomwe ofesi ingalandire imafuna wojambula wodziwa ntchitoyo, ndipo otero ambiri ali ku Limbe ndi ku Blantyre. Kumulipira iyeyo, kulipira kuti pulaniyo iunikidwe, kukwera kabaza ndi minibasi kupita kuboma, mwina n'kupeza bwana woyenera ali kumsonkhano, kubwerera tsiku lina, ndipo masiku onsewo ketulo ili yozizira. Mayiyu atawerengetsa anapeza kuti mapepala angadye ndalama zomwe anasungira chitseko ndi pulasitala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la simenti linasanduka chinthu choganizira kawiri, ndiye ndalama iliyonse yopita ku pepala imawawa kuposa kale.

Kunena zoona, pa mkanganowu mayiyu ndi wolakwa pa lamulo koma funso lake ndi lolunjika. Ofesi yomwe imafika pakhomo pake chaka ndi chaka ndi buku la malisiti ikanatha kufika ndi uthenga wa pulani njerwa yoyamba isanaikidwe. Wotolera ndalama amadziwa golosale iliyonse ndi mwini wake, amadziwanso pomwe pawunjikidwa njerwa. Lamulo linasintha ku Lilongwe, koma kwa anthu ambiri a kuno linamveka koyamba tsiku lomwe anauzidwa kuti aime. Amalonda ena akufunsa chifukwa chomwe khonsolo singakhale ndi mapulani angapo okonzeratu a golosale ya chipinda chimodzi, ziwiri kapena zitatu, munthu n'kungosankhapo, woyendera n'kudzaona malo. Nyumba zake n'zofanana kale: khonde kutsogolo, sitolo pakati, kachipinda kogona kumbuyo.

Mafumu nawo nkhaniyi ikuwakhudza pena. Anthu akabwezedwa ku ofesi amabwerera kwa a nyakwawa kukafunsa kuti chidindo chija chinali cha ntchito yanji, ndipo si mfumu iliyonse yomwe ili ndi yankho lokonzeka. Ena amangouza munthu kuti amange msanga denga likwere, poganiza kuti nyumba yofolera kale palibe angaigwetse. Malangizo otero ndi omwe amadzaliza anthu pambuyo pake.

Mnyamata wometa uja sanadikire. Anapita kwa wowotcherera zitsulo n'kupangitsa kanyumba ka malata koima pa miyendo inayi, n'kukaika pansi pa mtengo wa mango patsidya pa msewu, sola ili padenga. Tinyumba totere tachuluka pa timisika ta m'derali, tina tometera, tina totumizira ndalama pa foni, tina totchajira mabatire. Eni ake amati wina akadzanena kuti apa sipoyenera, amuna anayi amakwana kukanyamula n'kukaika pena, ndipo owotcherera zitsulo akuti maoda a tinyumbati sakusowa.