Mawu Oti "Kuchotsera" ndi Ntchito za Chizindikiro cha −

M'mabuku a masamu olembedwa m'Chichewa, chizindikiro cha − chimawerengedwa kuti "kuchotsera". Mawuwa ngoyenera, ndipo ana amawamva msanga. Komabe alembi, akonzi ndi aphunzitsi ayenera kuzindikira kuti chizindikirochi chili ndi ntchito zingapo zimene mawu amodzi sangathe kuzisenza zonse.

Gwero la "kuchotsera" ndi mneni -choka. Monga momwe -tuluka amasinthira kukhala -tulutsa, ndi -tsika kukhala -tsitsa, nayenso -choka amasintha kukhala -chotsa, ndiko kuchititsa chinthu kuti chichoke. Tikawonjezera -er- timapeza -chotsera. Zinenero zina nazonso zidatenga mawu awo ku ntchito ya manja. M'Chiswahili amati kutoa, kutulutsa. M'Chizulu amati ukususa, kuchotsa. M'Chiarabu amati tarh, kutaya. Mawu a Chingerezi oti subtract adachokera ku mawu a Chilatini oti subtrahere, kukoka chinthu kuchokera pansi.

Koma mawu oti minus ngosiyana ndi onsewa, pakuti si mneni. M'Chilatini amatanthauza "chocheperapo", ndipo ndiwo adabala menos wa Chipwitikizi amene ana a sukulu a ku Mozambique amaphunzira. Chizindikiro chenichenicho chidasindikizidwa koyamba mu 1489 ku Leipzig, m'buku la masamu a zamalonda la Johannes Widmann. M'bukumo + ankaimira katundu wopyola muyeso, ndipo − ankaimira katundu woperewera. Robert Recorde ndiye adalowetsa zizindikirozi m'mabuku a Chingerezi mu 1557. Choncho chizindikirochi chidayamba ndi kusonyeza kuperewera.

Kuti kusiyanaku kuoneke bwino, tiyeni titenge zitsanzo m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, komwe mbewuyi idayamba kulimidwa mu 1908, ndi komwe anthu amagwiritsa ntchito masamu a pa sikelo tsiku ndi tsiku. Manambala ali m'munsiwa ngongoyerekeza.

Choyamba, wothyola tiyi wafika pa sikelo ndipo yasonyeza makilogalamu 22. Dengu lopanda kanthu limalemera makilogalamu 2, motero kalaliki alemba 20. Uku ndiye kuchotsera kwenikweni. Kulemera kwa dengulo m'Chingerezi amakutcha tare, mawu amene adachokera ku muzu womwe uja wa Chiarabu wotanthauza kutaya.

Chachiwiri, muyeso wa tsikulo ndi makilogalamu 40, koma munthu wathyola 35. Palibe chimene wina wachotsa. Pano timati "kwaperewera 5", ndipo tikamayerekeza anthu awiri timati "asiyana ndi 5". Polemba, samuyo ndi 40 − 35 ndithu.

Chachitatu, pa tsiku la malipiro ngongole ichotsedwa pa ndalama za wantchito. Iyeyo sanena kuti "andichotsera", amati "andidula". Mkonzi amene akumasulira kalata ya malipiro kapena pangano la ntchito alembe "kudula", chifukwa ndiwo mawu amene eni ake amamva mosakayika.

Chachinayi, ngongole yaposa malipiro: malipiro ndi K3,000 pomwe ngongole ndi K3,500. Kalaliki alemba −K500. Pano chizindikiro sichikulamula kuti tichite kanthu. Chikungosonyeza kuti nambalayo ili pansi pa ziro.

Mwana amene wazolowera "kuchotsera" kokha amavutika akafika pa chitsanzo chachiwiri, poti amafunafuna chinthu chochotsedwa ndipo sachipeza. Akafika pa 3 − 5 amayankha kuti "sizingatheke", chifukwa palibe angachotse malalanje asanu pomwe pali atatu. Chonsecho kwawo amadziwa bwino lomwe kuti munthu atha kukhala ndi K3 m'thumba ali ndi ngongole ya K5.

Maganizo athu ndi akuti "kuchotsera" likhalebe dzina la samu yamtunduwu. Yankho lake litchedwe "zotsala" pamene chinthu chachotsedwadi, "kusiyana" pamene tikuyerekeza, ndi "kuperewera" pamene muyeso sudakwane. Nambala monga −5 iwerengedwe kuti "5 pansi pa ziro". Tikatero sipakhala chifukwa cholembera "mainasi" m'mabuku a ana, ndipo mphunzitsi adzakhala ndi mawu olongosolera funso lililonse monga momwe lilili.